Sukulu ya Pakhonde ya Ezeliya

Ezeliya anagwira ntchito ya unamwino zaka zisanu ndi zinayi pa kachipatala kena kuseri kwa Nsaru, ndipo pa zaka zonsezo udindo wake sunasunthe ngakhale pang'ono. Ana amene anawalandira ndi manja ake atangofika kumene pamalopo anali ali mu Sitandade 3, iye akadali ndi satifiketi yomwe ija. Koma chimene chinkamudya mumtima kwenikweni chinali Anne. Anne anali mnzake wa m'kalasi, amene mayeso akayandikira ankabwereka makope a Ezeliya. Iyeyu anabwerera kusukulu, n'kukatenga digiri, ndipo tsopano anali sisitala, mkulu wa anamwino. Miyezi itatu iliyonse ankatsika m'galimoto ya boma kudzayendera ntchito ya Ezeliya. Ankalankhula mwaulemu ndithu, ndipo ulemuwo ndi umene unkawawa.

Choncho Ezeliya anafunsira malo ophunzira digiri, ndipo mwayi unabwera pawiri. Koleji ina ya ku Blantyre inamutenga: zaka ziwiri, kugonera komweko, kubwera kunyumba pa holide pokha. Akuluakulu ake anavomeranso kumupatsa tchuthi cha maphunziro. Koleji ina ya mu Lilongwe nayo inamutenga, koma iyi inali yophunzira uli kwanu. Aphunzitsi amalankhula pa laputopu, mayeso umalemba pomwepo, kutauni umangopitako kamodzi pa teremu.

Mwamuna wake Jameson, mphunzitsi wa ku pulayimale, sanataye nthawi.

"Amake Lucy, izi n'zosachita kufunsa. Digiri ndi imodzimodzi, eti? Nanga mukavutikirenji ku Blantyre ndi nyemba zofumbwa, kusiya ana, kusiya ine, pamene sukulu yakulondolani mpaka pakhonde?"

Ezeliya anaona kuti n'zomveka. Analembera a ku Blantyre kuti chaka chimenecho sabwera. Iwo anayankha kuti amusungira malo chaka chimodzi chokha, ndipo akapanda kutsimikiza pofika Lachisanu lomaliza la Julaye wotsatira, malowo apereka kwa wina. Ezeliya anaseka. Ankadziwa kuti pofika nthawi imeneyo adzakhala ali pakati pa digiri yake.

Chimene onse awiri anaiwala n'chakuti nyumba ya namwino ili mumpanda wa chipatala, moti munthu ali ku mateniti akaitana umamva. Chinanso, kwathu kuno munthu amene wakhala pansi akuyang'ana pa foni ndiye kuti alibe chochita. Mwana akavala yunifomu, makope m'manja, aliyense amamupatsa njira, ngakhale ali mbuli yotheratu. Koma mayi wamkulu atakhala pakhonde ndi timawaya m'makutu, ameneyo akucheza, ndipo wocheza amafuna anzake. Tsoka lake, netiweki inkagwira bwino pakhonde pomwepo.

Ndiye ankabwera. Mayi amene wachedwa ku sikelo. Tenanti wa ku esiteti ya fodya amene wadzitema ndi chikwanje. Amvano odzakumbutsa za yunifomu yatsopano. Oyandikana nawo odzatchaja foni pa sola. Wina anayenda kuchokera kutsidya kwa dambo kudzangofunsa ngati mapiritsi ofiira aja amamwa asanadye kapena atadya. Aliyense ankayamba ndi odi, ndipo odi sakanidwa. Ezeliya ankachotsa timawaya tija, kuyankha, kuthandiza, pobwerera n'kupeza mphunzitsi wa pa laputopu akutsanzika.

Anayesa kudzitsekera m'nyumba. Sipanathe sabata, Salome, namwino mnzake wachikulire, anamukokera pambali.

"Anzanga, anthu ayamba kulankhula. Akuti anamwino aang'ono ayamba kunyada, masiku ano amabisala. Ine ndikudziwa zimene mukuchita, koma pakamwa pa anthu sinditha kupatseka."

Ezeliya anatsegulanso chitseko. Ankawerenga modukizaduka, pakati pa odwala, pakati pa kuchapa ndi kuphika, ndipo ntchito zambiri za m'kalasi ankatumiza mochedwa. Komabe anakwawa nazo mpaka kumapeto kwa chaka. Panatsala mayeso aakulu, amene wowalephera amabwereza chaka chonse.

Mayesowo anagwa Loweruka, naini koloko m'mawa. Mafunso makumi asanu ndi limodzi, ola limodzi ndi theka. Pakona pa laputopu pamakhala kawotchi kowerenga mphindi zotsala, ndipo kakayamba sikaima, kaya kwagwa maliro. Ezeliya anakonzeka ngati wopita kunkhondo. Salome anavomera kugwira ntchito yekha. Ana anawatumiza kwa mnzake. Foni anaipachika pawindo la kuchipinda kuti izikoka netiweki. Jameson analonjeza kukhala pakhomo ngati mlonda, ndipo anakhaladi, mphindi khumi. Kenaka anakumbukira kuti timu ya sukulu yake ikunyamuka kupita ku mpira ndipo makiyi a ofesi ali m'thumba mwake.

"Ndibwera pompano," anatero pawindo.

Ezeliya anali pa funso lachikhumi ndi chinayi, mtima uli m'malo, mayankho akubwera okha, pamene anamva mawu panja.

"Odi kuno! Kodi muliko eni nyumba?"

Anali apongozi ake, a Dailesi, mayi a Jameson, kuchokera ku Nambuma. Sananene kuti akubwera. Mayi popita kwa mwana wake sachita kulemba kalata.

Anaganiza zongokhala chete. Koma windo linali lotsegula, nsapato zake zili pakhomo, ndipo a Dailesi anali atasuzumira kale n'kumuona. Akanakhala wina aliyense, akanamuuza kuti adikire. Koma apongozi, oti ayenda ulendo wonsewo, dengu la mtedza pamutu, tambala kukhwapa, ungawauze kuti adikire uli khale pampando? Nkhani yake ikanafika kwa ankhoswe dzuwa lisanalowe. Anayang'ana kawotchi kaja. Panali patatsala ola limodzi ndi mphindi zisanu. Anadziuza kuti mphindi zisanu zokha zikwana.

Anatuluka, anawatula dengu, analandira tambala. A Dailesi sanabwere okha, anali ndi mng'ono wawo. Ezeliya anayala mphasa, anabweretsa madzi akumwa, anagwada, anapereka moni kwa uyu, kenaka kwa uyo. Ndipo a Dailesi anayamba malonje, monga mlendo amachitira akafika, kufotokoza za ulendo ndi za kumene wachokera.

Pali anthu amene malonje awo ndi mawu atatu. A Dailesi sanali m'gulu limenelo. Anayambira pa mwendo wawo umene unayamba kutupa mwezi watha. Anafika pa wa kabaza amene anafuna kuwagwetsa pa mlatho. Anadutsa pa maliro awiri, n'kutchula amene anabwera ndi amene sanabwere. Mng'ono wawo ankathirira ndemanga ndi kukonza mayina. Ezeliya ankavomera, "Eee, amayi. Pepani, amayi." Atapeza kampata anayamba kudzuka.

"Amayi, ndingolowa pang'ono m'nyumbamu, ndili ndi…"

"Takhalani kaye, amake Lucy. Za m'nyumba sizithawa. Sindinakuuzeni za mbuzi."

Anagwadanso. Kuyambira ali mwana anamuphunzitsa kuti wamkulu sadulidwa mawu, ndipo phunziro limenelo analikhoza bwino kuposa ena onse.

Pamene ankabwerera kuchipinda, kawotchi kankaonetsa mphindi zinayi. Anayankha mafunso asanu, kenaka tsamba linatsekeka lokha. Ezeliya analira. Analira ngati mwana, ataluma chitenje kuti alendo asamve. Atatha anasukusula, n'kutuluka kukapha tambala uja.

Jameson anatulukira masana, akuseka, timu yake itawina. Pa chakudya a Dailesi anafunsa chimene chafiiritsa maso a mpongozi wawo. Jameson anayang'ana mkazi wake, nkhope yake inagwa, ndipo anafotokoza motsitsa mawu kuti amake Lucy anali pa mayeso.

"Mayeso ati?" anafunsa a Dailesi, modabwa zenizeni. "Ine ndawapeza m'nyumba, akusewera ndi kawayilesi kawo. Mayeso amalembera kusukulu."

Sananene mwa chipongwe ayi. Anangonena zimene aliyense pamudzi ankadziwa. Ezeliya anafuna kukwiya, koma mkwiyo unasowa pogwira. Chaka chonse iye yekha ndi amene ankakhulupirira kuti ali pa sukulu.

Zotsatira zinatuluka Lolemba la sabata yomaliza ya Julaye. Analephera, ndipo anamuuza kuti abwereze chaka. Madzulo a tsiku lomwelo, ana akusewera panja, anamuika Jameson pansi.

"Bambo a Lucy, ndikupita ku Blantyre."

"Aaa, musapse mtima. Mulembanso chaka chamawa. Ulendo uno sindichoka pakhomo, ndikulumbira."

"Mudzakhala pakhomo tsiku la mayeso. Nanga masiku enawo? Mudzathamangitsa odwala? Mudzathamangitsa amayi anu? Vuto si inu, komanso si amayi. Pakhomo pano ndine namwino, ndine mayi, ndine mpongozi. Mwana wa sukulu alibe pokhala."

"Nanga ana?"

"Mng'ono wanga wavomera kubwera. Ndipo ana ali ndi bambo awo, eti?"

Jameson anaimirira, anayenda mpaka pachitseko, anabwerera.

"Zaka ziwiri, Ezeliya! Anthu adzati chiyani? Adzati mkazi wa aphunzitsi anathawa. Ine sindivomera."

"Chaka chatha ndinamvera inu. Ndinafuna zonse, ichi chakoma ichi chakoma, ndipo mwaona mmene ndagwera. Malo aja akutha Lachisanu. Akapita sabweranso, ndipo ine ndidzakalambira pa satifiketi imeneyi, ndikukuyang'anani ndi diso loipa masiku onse. Sindikufuna kukudani."

Jameson anatuluka panja. Lachiwiri sanadye pakhomo. Lachitatu m'mawa Ezeliya anaima pakhonde, pamalo a netiweki paja, n'kutumiza uthenga wotsimikiza ku Blantyre. Atamuuza, Jameson anangoti, "Chabwino. Koma amayi mukawauze nokha. Ine pakamwa panga sipatuluka zimenezo."

Ankaganiza kuti pamenepo Ezeliya abwerera m'mbuyo. Loweruka Ezeliya anavala chitenje chake chabwino, anagula shuga ndi sopo, n'kukwera kabaza wa ku Nambuma. Ankawaopa a Dailesi, ndipo ankamukonda Jameson, ndipo zonsezo sizinamutsitse panjinga.

Anawapeza akusenda mtedza pansi pa mtengo wa mango. Anagwada chapatali, anapereka moni, anapereka malonje ake mosafulumira. Kenaka anafotokoza za koleji, za zaka ziwiri, za ana ndi amene adzawasamale. A Dailesi anasiya kusenda.

"Ndiye mukufuna kunena kuti ndine ndinakulepheretsani mayeso?"

"Ayi, amayi. Inu munabwera kwa mwana wanu. Wolakwa ndine, amene ndinaika sukulu pakhonde."

"Jameson wati chiyani?"

"Sanakondwe nazo."

"Ndipo inu mukupitabe?"

Ezeliya anayang'ana pansi. A Dailesi anakankhira lichero pambali, n'kumuyang'anitsitsa.

"Tandiuzani bwino, amake Lucy, kuti ndidziwe poyankha. Mwabwera kudzapempha, kapena kudzatsanzika?"

"Kudzatsanzika, amayi."

Mng'ono wa a Dailesi, amene anali pakhomo la khitchini, anaomba m'manja kamodzi n'kulowa m'kati. A Dailesi anapukusa mutu.

"Mwana wanga ndi mwamuna, ndipo ndi wa ntchito. Akazi ali mbwee pa Nsaru paja. Zaka ziwiri si masewera. Mukadzapeza wina atakhala pamalo panu, musadzabwere kuno kudzalira."

Mawuwo anamulasa, chifukwa anali omwewo amene iye ankadziuza sabata yonseyo.

"Zikadzatero ndidzalira, amayi, sindinama. Ndidzalira kwambiri, chifukwa mwana wanu ndimamukonda. Koma ndikakhala, ndidzaliranso, ndipo kulira kumeneko sikudzatha. Tsalani bwino. Ana muziwayendera."

A Dailesi sananene kuti pitani bwino. Ezeliya anadikira pang'ono, ali chigwadire, kuti mwina anena. Sananene. Ndiye anadzuka, anasansa fumbi m'mawondo, n'kuyenda kupita kumsewu kumene wa kabaza ankamudikira.