Mapu a Ababa

Ababa anaphunzitsa jogalafe zaka makumi atatu, ndipo chaka chilichonse ankajambula phiri lophulika pabolodi: utsi ndi choko choyera, chiphalaphala ndi chofiira. Koma phiri lenilenilo sanalionepo. Kenako maso awo anayamba kufa. Dzuwa likakhala paliwombo ankaona ndithu, koma likangopendeka zonse zinkasanduka chimbuuzi. Dokotala anati adzawachita opaleshoni Lolemba, ndipo sanatibisire kuti mwina ndi kakuwala kotsalako kadzapita.

Ndiye Loweruka, tchuthi changa chitangoyamba, ndinawakweza m'galimoto. Chilumba chokhala ndi phirilo chinali ulendo wa maola atatu pamsewu ndi ola limodzi pasitima yapamadzi. Tikanakwera sitima ya teni koloko, akanaliona dzuwa lili phwee. Lamulungu sitimayo siyenda.

Ababa anakhala kutsogolo atayala mapu awo pamwendo, mapu akale kuposa ine, omatamata ndi selotepi. Titafika pamphambano, foni yanga inati tikhotere kumanja.

"Kumanzere," anatero Ababa.

"Koma foni ikuti..."

"Kafoni kakoko kaphunzitsapo ana angati?"

Kwathu Ababa satsutsidwa pa nkhani ya mapu. Malemu amayi anayesapo kamodzi, ndipo panyumba panazizira sabata yathunthu. Chikwangwani cholozera ku doko latsopano ndinachiona ndi maso angawa, koma ndinakhotera kumanzere. Ndinkaopa kuwalanda chinthu chimodzi chimene ankachidziwabe bwino. Mpaka lero ndimadzida nazo.

Msewuwo unakathera pa geti la dzimbiri. Mlonda anatuluka m'kanyumba kake akutokosa m'mano.

"Sitima? Amayi, sitima inasamuka kuno zaka khumi zapitazo. Kuno kwatsala ine ndi mbuzi."

Ndinathamangitsa galimoto ngati ndaba, koma tinafika ku doko latsopanolo sitima itangomasula zingwe. Ndinapempha, ndinachonderera, mpaka ndinatchula za maso. Mayi wogulitsa matikiti anandimvera chisoni, koma chisoni sichibweza sitima.

"Ina ndi ya folo koloko," anatero, n'kutseka kawindo.

Tinakhala m'chipinda chodikirira maola asanu ndi limodzi, pa mipando ya pulasitiki yokhomerera pansi, fani ikungozunguza mpweya wotentha. Ndinasowa mtengo wogwira. Ababa anapinda mapu aja mwakachetechete n'kuwaika m'thumba la jekete. Sanapepese, inenso sindinawanene. Ndinkangoyang'ana kuwala kwa dzuwa kukuchoka pa nsapato zawo, kukukwera khoma.

Sitima ya folo koloko inanyamuka mochedwa. Ndinawagwira mkono pokwera masitepe achitsulo mpaka pamwamba, ndipo tinaima kutsogolo penipeni. Phirilo linavuuka m'madzi, lakuda bii, lopanda ndi kamtambo komwe, utsi ukutuluka pansonga. Ababa anatong'ola maso, anapukuta magalasi ndi tayi, anavalanso.

"Kuli nkhungu, eti mwanangu?"

"Eya, Ababa. Yaphimba phiri lonse."

"Zimatero," anatero ndi mawu awo a m'kalasi. "Mpweya wotentha ukakumana ndi chinyezi cha panyanja..."

Asanamalize, mayi wina amene anaima pambali pathu anakuwira mwamuna wake: "Bambo ake, bwerani mudzaone! Likuoneka lonse, ndi utsi womwe!"

Ndinalakalaka nditamuponya m'madzi. Ababa anagwira chitsulo cha m'mphepete ndi manja onse awiri. Ndinkayembekeza kuti andikalipira chifukwa cha bodza lija, ndipo bwenzi zili bwino akanatero.

"Utsiwo ukulowera mbali iti?" anafunsa motsitsa.

Ndinangotenga chala chawo cholozera, chija chinaphwa ndi choko, n'kuchiyendetsa m'malere: kuyambira pamadzi, kukwera mbali iyi, kakhwawa ka pansonga, kutsika mbali inayo. Pa utsi anandichotsa dzanja, anamaliza okha.

"Ndiye ndinkajambula bwino?"

"Ndendende, Ababa."

Limeneli silinali bodza, ndipo n'limene linandiliza. Ababa anagwedeza mutu, nakhalabe chiyang'anire kutsogolo, chakumanzere pang'ono kwa pamene panali phirilo. Sindinawatembenuze.