Ulusi Wofiira

Tsabola analowa m'shopu ya azakhali ake atanyamula kope, nkhope ili gwa ngati wabwera kudzalanda makina osokera. Dzinali analipata asanamere n'dzino lomwe. Anabadwa mapasa ofanana mpaka zikhadabo, koma mmodzi ankalira mosatonthozeka, ndiye anamumanga ulusi wofiira padzanja n'kumutcha Tsabola. Mnzakeyo anakhala Phee. Kuyambira pamenepo kapu ikasweka, ankafunsidwa ndi Tsabola. Mlendo akabwera, amene ankamuika pamiyendo ndi Phee. Tsabola anakula akuyankha asanafunsidwe, ndipo pofika zaka makumi atatu ngakhale makondakitala ankamuopa.

Kukoleji kumene ankaphunzira za maganizo a anthu anawapatsa ntchito: kodi khalidwe timabadwa nalo, kapena timachita kulitola? Akatswiri ena amati limaumbika mwana asanakwane zaka zisanu, ena amati mwana amasanduka chimene omulera amayembekezera, ena amati n'zakumagazi basi. Tsabola anali kumbali ya magazi, ndipo ankaifunitsitsa mbaliyo. Mwana wake wamkazi wa zaka zitatu anali ataluma mnzake kusukulu ya mkaka, iye n'kungoseka kuti watengera amake. Anali atayamba kale kumuitana kuti Katsabola. Chomwe chinatsala n'kumva umboni kwa munthu amene anamulera.

“Azakhali, mungondiuza mmene ndinkavutira ndili khanda. Ndilembe ndizipita.”

Azakhali anapitiriza kupinda mpendero wa siketi, mapini ali kukamwa. Kenako anawalavulira m'dzanja limodzilimodzi.

“Zimenezi zikaonedwa ndi aphunzitsi okha?”

“Ee.”

“Amako atagonekedwa kuchipatala muli ndi miyezi inayi, ndinkakusambitsani ndine. Tsiku lina ulusi unada, ndinaudula kuti ndimange watsopano. Mkaka unasefukira pamoto, ndinathamanga. Pobwerera ndinamanga dzanja lomwe ndinayamba kuligwira.”

Tsabola anaseka. “Ndiye simukudziwa kuti munamanga ndani?”

“Ndikudziwa, mwana wanga. Wolira uja anali ndi kachibadwa kakuda kuseri kwa khutu lamanzere, m'munsi mwa tsitsi. Ndinkakaona ine ndekha pomusambitsa. Ndinazindikira patapita sabata, amako atatuluka kale. Nthawi imeneyo kulira kunali kutatha, vuto linali chabe m'mimba. Ndinaopa mlamu wanga, ndinati ndinena mawa.”

Cholembera chinagwa n'kugubudukira pansi pa makina. Tsabola sanachitole. Kachibadwa kameneko ankakadziwa bwino kuposa nkhope yake. Anali atakaona kambirimbiri pomuluka Phee tsitsi, ankachita kukazungulira ndi chipeso. Anakweza dzanja n'kusisita kuseri kwa khutu lake, ngakhale ankadziwa kuti kulibe kanthu.

“Ndiye ine ndinali uti?”

“Unali wogona uja. Tinkachita kukudzutsa kuti uyamwe.”

Tsabola anakhala pa mulu wa nsalu za eni ake. Anakumbukira makofi onse amene analandira pa milandu yosafufuzidwa, ndi mwamuna wake akunyamula chikwama n'kunena kuti sangakhale ndi munthu wamtima wapachala, iye n'kumuyankha kuti ndi mmene ndinabadwira. Mawu amenewo anali atawanena moyo wake wonse monyadira. Anafuna kukalipa, pakamwa panali potsegula kale, koma anachita mantha. Sanadziwenso kuti ukali umenewo ndi wa ndani.

“Zaka makumi atatu, azakhali.”

“Mawa lake linkangosuntha. Kenako munakula, aliyense atakwana m'dzina lake ngati diresi lomuyeza. Ndikanayambira pati?”

Tsabola anatuluka osatsanzika, kope analisiya pomwepo. Nthawi yotenga ana inali itakwana. Anayenda msewu wonse osaona galimoto kapena munthu, mpaka anapezeka waima pageti la sukulu ya mkaka. Ana anali pabwalo, akuimba atagwirana manja. Wake anali yekha pa benchi pafupi ndi khoma, akugwedeza timiyendo.

“Walakwanji lero?” anafunsa.

“Lero palibe,” anatero aphunzitsi mwansangala. “Timangomuika patali kuti asayambe. Paja munatiuza nokha kuti ndi magazi.” Kenako anatembenuka n'kukuwa bwalo lonse likumva: “Katsabola, amako abwera!”

Mwanayo anadumpha n'kuyankha msangamsanga kuti “Wawa,” ngati dzina lake lenileni sanalimvepo.