Chijekete cha Maness

Overton anali ndi nthenda imodzi, ndipo ndi nthenda ya amuna ambiri akwathu. Mukamuitanira chakudya amati "ayi, zikomo, ndakhuta," pamene m'mimba mukuchita kulira. Amadikira kuti mumukakamize kachiwiri. Kwathu zimenezi timati ulemu, koma ku Doha ulemu womwewo unatsala pang'ono kumulanda mkazi.

Iye anali mlonda pa nyumba ina yansanjika ku Onaiza, ntchito yotsegulira anthu zitseko ndi kuwalozera poimika galimoto. Mkazi wake, Maness, ankalera ana pa banja lina la Aluya ku Fereej Al Murra, ndipo ankagona komweko. Mwana wawo Fraser anamusiya ndi agogo ake ku Ntcheu. Ukwati wonse wa awiriwa unali wa Lachisanu masana basi, pa kabenchi ka kuseri kwa sitolo ya tiyi ku dera la Old Airport. Koma Lachisanu lililonse Maness ankabwera ndi kanthu m'kansalu, kaya kachidutswa ka nyama ya nkhosa, kaya keke yolumidwa kale mbali imodzi. Chizolowezi chimenechi anachiyamba ali ku Ndirande, atangokwatirana kumene. Wina akapita ku ukwati kapena kumaliro, theka la chimene wapatsidwa linkabwera kunyumba. Ngakhale switi ankailuma pakati.

Ndiye Disembala wina madamu a pa banja lija ananena kuti banja lonse likupita ku Prague, ku Ulaya, kukaona chipale ndi nyumba zamakedzana, ndipo Maness apita nawo chifukwa kamwana kotsiriza, Yasmin, sikadya popanda iye. Viza itangotuluka, Maness analandira uthenga wa mawu kuchokera kwa Ndaziona, mkulu wake wa kwa amayi aakulu, amene anatsalira ku Germany kalekale. Maness sanabise. Anauyatsa pa benchi pomwepo kuti mwamuna wake adzimvere yekha.

"Mng'ono wanga, mwayi ngati uwu subwera kawiri. Ndibwera pa sitima kudzakutenga. Kuno ntchito ilipo, Fraser adzaphunzira sukulu yabwino. Alamu anga adzatsatira pambuyo."

Kutsatira pambuyo kumeneko Overton ankakudziwa bwino. Mwamuna wa Ndaziona anadikira ku Zomba mpaka imvi, kenako anakwatira wina.

Maness anazimitsa foni. "Mukuti bwanji, bambo a Fraser?"

Apatu ndi pamene munthu amayenera kutulutsa za mumtima. Koma Overton anakonza kolala, n'kuyankhula ngati mkulu wa mpingo. "Mukakaona kuti kuli bwino, mukatsale. Ndine ndani ine kuti nditseke mwayi wa mwana?" Ankadikira kuti mkazi akane, iye akakamize pang'ono, mkazi akanenso, nkhani ithe mwamtendere. Maness anamuyang'ana, n'kungoti, "Ndamva." Anapinda kansalu kake.

Abale inu, "ndamva" ameneyo anamulowa Overton ngati munga. Popeza pakamwa panali patalakwa kale, anafuna kukonza ndi manja. Analowa m'sitolo ya zovala n'kufunsa jekete lotentha kuposa onse. Anatulukamo ndi chijekete chakuda chachimuna, chofika m'mawondo, matumba m'kati, kunja, mpaka m'mikono. Suleman, dalaivala wa banja lomwe Maness ankagwirako ntchito, Myao wa ku Mangochi wokonda kuseka anzake, atachiona anagwira nthiti.

"Achimwene, alamu akupita ku Ulaya kapena akukalondera golosale?"

Maness anachivala, manja ake n'kusowa m'mikono. Sanaseke. Anangoti zikomo.

Masiku oyamba a ulendowo foni ya Overton sinkapuma. "Bambo a Fraser, kuzizira kwa kuno, Dedza ndi mwana! Makutu ndilibe, ndawasiya panjira." Zithunzi zinkabwera motsatizana: mlatho wamiyala wokhala ndi ziboliboli zakuda mbali zonse, tchalitchi chachikulu pamwamba pa phiri, madenga onse ali mbee ndi chipale, ndipo pakati pa zonsezo kamunthu m'chijekete, mano okha kuonekera. "Lero taimirira pa chisanu, anthu akuluakulu, kudikira wotchi ya pakhoma. Ola litakwana tizidole tatuluka, tazungulira, tambala walira, basi zatha! Aliyense kuomba m'manja. Azungu alibe chochita, ndikukuuzani."

Koma nkhani yaikulu inali ya zakudya. Madamu ankamukhazika pa tebulo limodzi ndi banja lonse. "Tadya m'lesitilanti ya pansi pa nthaka, makoma amiyala, makandulo. Mzungu wandikokera mpando ine, Maness, akuti madamu! Supu amathira m'buledi, ukamaliza mbale yakenso umadya. Kenako bakha wowotcha ndi kabichi wofiira, wotsekemera ngati wina analakwitsa n'kuthiramo shuga." Tsiku lina unali buledi wokulunga pa ndodo, wowotcha pa makala pamsika, shuga mbwee. Tsiku linanso unali mtedza waukulu wotentha umene ukaulawa umangokhala ngati mbatata.

Overton ankamvetsera pa nthawi yopuma, atakhala pa masitepe akuseri, akudya buledi wa Aluya ndi nyemba zozizira. Ankaseka, koma kuseka kwake kunkathera pakhosi. Chikwatirane sanamvepo mawu a mkazi wake akusangalala chomwecho, ndipo anachita mantha.

Kenako chinabwera chithunzi chimene ankachiopa. Maness ndi Ndaziona atakumbatirana pa mlatho uja, Ndaziona atanenepa, khungu see, chipewa chaubweya kumutu. Pansi pake panalibe mawu. Ndipo kuchokera pamenepo foni inangoti zii.

Overton analemba moni. Uthenga sunafike. Anaimba, foni yozima. Tsiku linapita, linanso linapita. Ankatsegulira anthu chitseko n'kuiwala kuwapatsa moni, mpaka kapitawo anamufunsa ngati akudwala. Kamphepo ka Disembala ka ku Doha, kamene anthu amakakondwerera, iye kankamulowa m'mafupa. Anaimbira Suleman.

"Che Suleman, tafunsani bwana ngati onse ali bwino."

"Ndifunse bwanji, achimwene? Nditi wantchito wanu wathawa? Nanga ngati sanathawe, si ndiye kuti ndawapatsa bwana maganizo? Iyayi." Ulendo uno Suleman sanaseke. "Koma inu munawauza chiyani alamu ponyamuka?"

Overton anafotokoza.

"Aaa, wallahi, munthu wamkulu! Munawatsekulira nokha khola? Wamva m'mimba ndiye amatsegula chitseko, achimwene. Auzeni zoona."

Masana omwewo Overton anatsikira kumalo oimika magalimoto kumene kunalibe anthu, anaika foni pakamwa, n'kuyankhula mawu amene anayenera kunena pa benchi paja. "Mayi a Fraser, ndinanama ine. Sindikufuna kuti mutsale. Ndikuopa. Chonde bwerani." Anatumiza. Uthengawo unangokhala pomwepo, osafika.

Tsiku lobwera banja lija, anasinthana shifiti ndi mnzake wa ku Nepal n'kukwera galimoto ya katundu imene Suleman ankayendetsa. Ku eyapoti anaima kuseri kwa chitsulo chotchinga. Chitseko chagalasi chinatseguka. Anatuluka bwana, foni kukhutu. Anatuluka madamu ndi ana aakulu. Anatuluka anyamata okankha masutikesi. Chitseko chinatsekeka. Overton anamva ngati pansi pakutsetsereka, ndipo Suleman anamugwira paphewa.

Chitseko chinatsegukanso. Chinatulukira chijekete chakuda chija, chitanyamula Yasmin ali m'tulo.

Overton anafuna kuthamanga, anafuna kufuula, koma pamaso pa bwana anangowerama n'kugwira sutikesi. Maness anamuona. Anapereka mwana kwa madamu, n'kupatsa mwamuna wake moni ngati mlendo wa ku tchalitchi.

"Mwaswera bwanji, bambo a Fraser?"

"Ndaswera bwino, kaya inu. Mwayenda bwanji?"

"Tayenda bwino."

Banja linakwera galimoto ina. Maness anakwera ya katundu, kumbuyo, pambali pa mwamuna wake. Dzuwa linali likuswa magalasi, thukuta lili kamukamu pamphumi pake, koma chijekete anali atachimanga mpaka m'khosi.

"Alamu, vulani chimenecho, muphika," anatero Suleman.

"Yendetsani galimoto, Che Suleman."

Anayenda kamtunda. Kenako Overton anakhosomola. "Foni yanu..."

"Yasmin anaiponya mumtsinje, tili pa mlatho."

"Bwanji osabwereka ya madamu? Nambala yanga munaiiwala?"

"Ndimaidziwa pamtima." Maness anatembenuka, maso ali psuu. "Ndimafuna mumve mmene zimawawira. Mwamuna wanji wouza mkazi wake kuti akatsale? Munandipweteka, bambo a Fraser. Ndinapita ndikudziwa kuti kuno palibe akundidikira."

Overton anatsegula pakamwa, koma Maness anali atayamba kale kumasula zipi. Anapisa m'thumba lam'kati n'kutulutsa kamtolo ka pepala lopukutira pakamwa. Anapisa m'thumba lina, kamtolo kena. M'mikono, m'mbali, pachifuwa, matumba onse aja amene Suleman ankawaseka anali odzaza. Anaika timitoloto pa miyendo ya mwamuna wake n'kuyamba kutsegula.

"Uyu ndi buledi wa pa ndodo uja. Uwu ndi mtedza wa mbatata. Ichi ndi chidutswa cha mbale ya supu. Uyu ndi bakha..." Anaima. Fungo la bakhayo linadzaza galimoto yonse, moti Suleman anatsitsa galasi mwaulemu. Chokoleti chinali chitasungunuka n'kumatirira pepala. Buledi anali gwa ngati njerwa. Maness anayang'ana zonsezo.

"Ndimaziika kunja kwa windo la hotelo. Kumeneko kunja konse ndi firiji, zinali bwinobwino mpaka dzulo. Sindinaganize za ndege, sindinaganize za dzuwa la kuno. Taonani, zawonongeka zonse!" Analira mokweza, kulira kwa munthu amene wasenza madzi mtunda wautali n'kudzagwetsa ndowa pakhomo.

"Simunakwiye nane kodi?" anafunsa Overton. "Nanga mumasungiranji?"

"Ndinakwiya! Mpaka pano ndakwiya." Anapukuta mphuno ndi mkono wa chijekete. Kenako anapisa m'kathumba kakang'ono ka pamtima n'kutulutsa kamtolo kotsiriza. Munali theka la keke ya uchi, yophwanyika m'mbali.

"Iyi ndi ya pa siteshoni ya sitima. Ndinapita, bambo a Fraser, musaganize kuti sindinapite. Madamu anandipatsa masana amodzi oti ndicheze ndi achemwali, ine n'kunyamula pasipoti. Tikiti achemwali anali atandigulira kale. Tikudikira sitima, anandigulira tiyi ndi keke iyi. Tikucheza, achemwali anangoti, 'Iwe, ukuchita chiyani?' Kuyang'ana, dzanja langa ladula kale keke pakati, likukulunga. Ine osadziwa. Iwo akuti, 'Ukusungira ndani? Kumene tikupita kulibe Lachisanu.'" Maness anayang'ana keke ija. "Ndinakhala pamenepo ndi theka la keke m'manja, kusowa woti ndimupatse. Sitima inabwera, inapita. Achemwali anandinena kuti ndine chitsiru, ndipo mwina sananame. Sukulu ya Fraser ndaisiya pa siteshoni paja."

Overton anagwetsa misozi, munthu wamkulu, mu yunifomu. Anatulutsa foni yake, anapeza uthenga uja umene sunafike, n'kuuyatsa. Mawu ake omwe anamveka m'galimoto monse: ndinanama ine, ndikuopa, chonde bwerani. Suleman anayang'ana msewu ngati sakumva.

Maness anamvetsera mpaka kumapeto. "Bwerezani," anatero. Overton anabwereza. Atamva kachiwiri Maness anapumira m'mwamba n'kuvula chijekete chija.

"Mukadzandiuzanso kuti nditsale, ndidzatsaladi."

"Sindidzayambiranso. Za Fraser tilimbana nazo tonse."

"Alamu, bakhayo yekha tiyeni titaye, munthuyu angatifere," anatero Suleman, akupukuta m'maso ndi chala. "Zinazo adye. Ine musandipatse, zimenezo n'za eni ake."

Maness anaseka ali ndi misozi, n'kukankhira keke ija kwa mwamuna wake. "Idyanitu. Kapena mwakhuta?"

"Ndili ndi njala," anatero Overton.

Anaitenga. Inali itauma ndipo inkamveka fungo la m'thumba. Asanalume, zala zake zinainyema pakati, n'kupereka theka linalo kwa Maness.