Mtima wa Chimphona

Chimphona anagwa pakhonde m'mawa, chakudya chake asanachikhudze. Atelala anasiya makina osokera n'kuthamangira panja. Galu wawo wamkuluyo anali gone chammbali, lilime litada, akupuma movutikira.

Mlamu wawo, mng'ono wa malemu amuna awo, ndiye anabwera ndi galimoto. M'njira ankaseka kuti galuyo wangolemedwa ndi kukhuta, wazolowera moyo wa bwana. Dzanja la atelala linali pachifuwa cha Chimphona, ndipo mtima unkagunda mosokonekera: msangamsanga, kenako zii, kenako n'kuyambiranso.

Dokotala wa ziweto anamupima nthawi yaitali, n'kufunsa za make wa galuyo. Atelala anati anafa mwadzidzidzi akuthamanga, asanakalambe n'komwe.

"Agalu a mtundu uwu ndi mmene amathera," anatero dokotala. "Mtima umakula n'kufooka. Amatengera kwa makolo. Amaoneka athanzi mpaka tsiku logwa."

Anapereka mapiritsi, n'kunena kuti Chimphona asathamangenso ndipo asabereketsenso. Atelala anagwira tebulo.

"Adokotala, kodi ndi anthu zimatero?"

"M'mabanja ena, inde. Koma zimenezo mukafunse kuchipatala, mayi."

Atatuluka, mlamu uja sanasekenso. Onse awiri ankadziwa chimene chinali m'mutu mwa mnzake. Amuna a atelala anagwa kuntchito ali ndi mphamvu zawo, osadzukanso. Bambo a malemuwo anapitanso chimodzimodzi, ali panjinga. Achibale ankangoti ndi tsoka. Tsono mwana wa atelala, mmodzi yekhayo, anali atangoyamba ntchito yozimitsa moto, yokwera makwerero katundu ali kumsana.

"Alamu, musadziphe ndi maganizo. Galu ndi galu," anatero mlamuyo, mawu ali pansi.

"Amati chakudza sichiimba ng'oma. Ife chatiimbira, ndiye titseke makutu?"

Anaimbira mwanayo foni ali chiimire pambali pa galimoto. Inaitana mpaka kuduka. Anaimbanso. Ulendo uno mnyamatayo anayankha akuseka, phokoso la anzake likumveka, n'kufunsa ngati galu wachira. Amake anamuuza kuti apemphe tchuthi, mawa apite limodzi kuchipatala akamupime mtima, ndipo asawatsutse.

Atadula foni, anatembenukira mlamu wawo.

"Nanunso mupita. Magazi ndi amodzi."

Mlamuyo sanakane. Anangofunsa kuti adzawatenge nthawi yanji.