Mzere Wofiira pa Munda wa Marlene

Wendell Prouty anapeza geti la kwa Marlene lomangidwa ndi unyolo. Zaka makumi atatu akudutsa pamenepo, zoterezi anali asanazionepo. Anasiya galimoto kumsewu n'kuyenda wapansi mpaka kukhola la ng'ombe, mtima uli m'mwamba.

Njira ya anthu oyenda pansi imene inkadutsa pagetipo, yotalika mamailosi mazana asanu, inalibe mwini. Theka lake linkadutsa m'minda ya anthu, popanda chikalata n'chimodzi chomwe. Wendell ankangofika pakhomo, kumwa khofi, kudandaula nawo za mtengo wa mkaka, kenako n'kupempha kanjira m'mphepete mwa mpanda. Akagwirana chanza, nkhani yatha. Anailumikiza choncho, khomo ndi khomo, mpaka mawondo ake anatheratu.

Chimene ankaopa n'chakuti iye akadzafa, njirayo idzafa naye. N'chifukwa chake anavutitsa akuluakulu ndi makalata mpaka boma linavomera kufufuza ngati njirayo ikuyenera kutetezedwa monga chuma cha dziko lonse. Ofufuza atafunsa kuti eni minda ndi ndani, mkuluyu anawapatsa kope lake la mayina monyadira ngati akuonetsa zidzukulu. Munthu wamkulu ndithu, imvi mbuu, koma zoti ayambe wafunsa eni mayinawo sizinamubwerere.

Anapeza Marlene Kuczek akutsuka mapaipi okamira mkaka. Mayiyo sanatembenuke n'komwe.

"Mwabwera wapansi? Palibe vuto, si mumakonda kuyenda inu."

"Marlene, unyolo uja ndi wa chiyani?"

Marlene anapukuta manja n'kutulutsa kalata m'thumba la ovolosi. Munali mapu. Mzere wofiira unkadula munda wake wa chimanga, kulowa m'nkhalango, n'kukatulukira kuseri kwa khola. Pamwamba panali dzina lonse la Marlene.

"Dzina langali analitenga kuti?"

Wendell anayang'anitsitsa mzere wofiira uja.

"Ndikufunsa inu, a Wendell. Malemu amuna anga anagwirana chanza ndi inu, osati ndi boma."

"Ndi kafukufuku chabe. Salanda malo a munthu, alemba okha, tawerengani m'munsimo."

"Ndawerenga. Kwa bambo anga analembanso zomwezo. Kunabwera amuna aulemu ndi timitengo tawo toyezera, mayi anga mpaka kuwaphikira. Kafukufuku chabe! Lero nyumba imene ndinabadwiramo ili pansi pa damu, anthu akuwedza nsomba pamwamba pa denga lathu."

"Izi n'zosiyana."

"Mwina. Koma ine ndilibe munda wachiwiri woti ndiyesere."

Wendell anatsamira khoma. Manyazi anamugwira, ndipo mantha anaposa manyaziwo.

"Mukatseka pano, njira yaduka pakati. Ofufuzawo akufuna njira yosaduka. Akaipeza ili zidutswazidutswa alemba kuti ndi yosayenera, basi sadzabweranso."

"Si ine ndekha. A Dombrowski atseka dzulo, ana a Yoder akutseka Loweruka. Aliyense walandira mzere wake." Mawu ake anafewa, ndipo kufewako n'kumene kunamupweteka kwambiri Wendell. "Sindikudana nanu. Anthu anu sanasiyepo geti losatseka, ngakhale kamodzi. Koma mukafufute zizindikiro zanu lisanafike Lamulungu."

M'mawa mwake analowa m'nkhalango ya Marlene ndi chitini cha penti yotuwa. Mwambo wa njirayo unali womwewo: pakatsekedwa, timizere tabuluu ta pamitengo timafufutidwa kuti mlendo asalowe m'munda mwa eni. Wendell ankaudziwa mtengo uliwonse. Ina anaipaka ili yoonda ngati mkono, lero sakanatha kuikumbatira. Anagwira ntchitoyo mosamala, poti sankadziwa kugwira ntchito mwanjira ina.

Dzuwa lili pamutu anafika kumalire a mundawo. Kumeneko anapeza bambo wina wandevu, chikwama kumsana, nsapato zomanga ndi tepi, akuyang'ana uku ndi uku.

"Madala, zizindikiro zathera pano. Njira yalowera kuti?"

Wendell analoza kumsewu wa tala, kumene malole ankadutsa akuwaza matope.

"Mutsate umenewo, mamailosi asanu ndi anayi. Muziyenda kumanzere kuti muziwaona akamabwera."

"Aa, atseka? Masabata atatu ndikuyenda, anthu ake abwino okhaokha, lero izi." Anakoka malamba a chikwama n'kumwetulira. "Koma musadandaule, madala. Ndamva kuti boma layamba kufufuza zoti liiteteze. Akuti pali mkulu wina amene wazimenyera nkhondo zaka zambiri. Zikatheka, alimi ouma mtima ngati ameneyu sadzatitsekeranso."

"Mayi wa pano anakutsegulirani zaka makumi atatu," anatero Wendell. "Amene watseka njirayi ndi mkulu mukumunenayo."

Bambo uja anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala za okalamba, n'kutsikira kumsewu.