Moni wa Pachigafa

Hannah Chikoti anaonetsa filimu yake m'tchalitchi china ku Nsaru Loweruka masana, mazenera atatchingidwa ndi ziguduli. Aphunzitsi ake ku koleji anamuuza kuti asanaimalize akamve kaye maganizo a anthu akumudzi. Filimuyo inali ya munthu wodwala maganizo amene ankangokhala m'chigafa cha fodya, osayankhula. Kwawo kwa Hannah kunali ku Nambuma, choncho palibe anadziwa kuti nkhaniyo inali ya malemu bambo ake.

Itatha, anthu anayang'anizana.

"Kodi wamisalayo ali kuti?" anafunsa mkulu wa mpingo. "Uyu wavala nsapato, eti. Mumuveke sanza, azitola zinyalala pamsika."

Ena anaseka. Hannah analemba zonsezo m'kope, osamva kanthu mumtima.

Anthu atatuluka, panatsala mayi wina wa ku Mulanje, wogwira ntchito pa esiteti ya fodya.

"Nsapatozo zisiyeni, mwananga, amuna anga atadwala misala ankavalanso," anatero mayiwo. "Mwalakwitsa pa moni. Mufilimumu aliyense wodutsa akumulonjera. Anga aja anthu analeka kuwapatsa moni chaka choyamba chomwe, ngakhale ana awo."

Hannah anangoyang'ana kope lija. Kwa zaka ziwiri iyenso ankadutsa pachigafa cha kwawo maso ali kumbali, bambo ake atakhala pomwepo. Sanalembe kanthu.

Lolemba anauza anzake opanga nawo filimuyo kuti ajambulanso gawo limenelo, pasakhale moni.

"Nanga wodutsayo akhala ndani?" anafunsa Rodrick, wogwira kamera.

"Ndidutsa ndine," anatero Hannah.