Zala Ziwiri za Petulo

Pofika masana tsiku limenelo ndinali nditachapa matewera, nditatunga ndowa zitatu za madzi, nditasesa, komanso nditatsuka mabotolo khumi n'kuwayanika chozondotsa pawindo. Zinatsala zinali kusita zovala za amayi eni nyumba, amene ankandilipirako pang'ono, ndi kutsanulira petulo m'mabotolo amuna anga akabwera kuchokera ku mzere wa petulo.

Ntchito yomalizayi ndinaiyambitsa ndine. Sukulu ndinasiyira panjira chifukwa cha mimba, koma masamu sanandichoke m'mutu. Amuna anga ankanyamula anthu pa njinga yamoto. Mafuta atakwera katatu m'miyezi iwiri, anthu anayamba kuyenda pansi, ndipo iwo ankabwera madzulo ndi fumbi lokhalokha. Ndinawakhazika pansi n'kuwawerengera. Kuzungulira tsiku lonse, phindu silinkakwana lita imodzi. Kugulitsa thanki yomweyo m'mabotolo, phindu linali malita anayi. Ku pampu ankakana zigubu, ndiye njinga inasanduka chigubu chathu. Ankaikankha popita, kugona nayo pa mzere, kuimwetsa, n'kuikankhanso pobwera, osailiza n'komwe.

Tsiku limenelo amuna anga anafika thukuta lili kamukamu. Pipi, mwana wathu wa zaka ziwiri, anawathamangira akukuwa "Pipiii!" Ndiwo mawu oyamba amene anaphunzira, kutsanzira hutala ya njinga, ndipo dzina linamukakamira.

"Bambo a Pipi, njinga ndi imene iyenera kunyamula munthu, si munthu kunyamula njinga," ndinatero.

"Inuyo sekani. Anzanga akunditchula Fulutanki, munthu wa thanki yodzadza woyenda wapansi."

Anayamwa paipi, kulavula, petulo n'kuyamba kutsikira m'beseni. Ine ndinkathira m'mabotolo a zakumwa zoziziritsa kukhosi, amene tinkatola kumsika. Wailesi ya eni nyumba inkanena kuti vuto ndi mtengo wa pa msika wa dziko lonse.

"Msika wake uli kuti umenewo, tikaonaneko nawo?" anatero amuna anga akupukuta pakamwa. "Mtengo ukakwera kumeneko, kuno akweza tsiku lomwelo. Ukatsika, ati nkhani sinawapeze."

Botolo lomaliza linalibe chitsekerero. Ndinafunafuna, osachipeza.

"Limenelo lisungeni," anatero. "Kwamveka kuti mawa akwezanso."

Ndinatseka ndi kapepala kapulasitiki, n'kuliika kuseri kwa chitseko. Ndinadziuza kuti ndikamaliza kusita ndiliika pamwamba pa kabati. Iwo anatenga mabotolo enawo kukasiya kwa mnzawo wogulitsa m'mbali mwa msewu, n'kukankhanso njinga youma kubwerera ku mzere.

Ndinali pa malaya achitatu pamene ndinazindikira kuti m'nyumba muli zii. Mayi aliyense amaudziwa bwino zii wotero. Kenako ndinamva kutsokomola, kouma, kosalekeza. Ndinamupeza Pipi atakhala pansi, botolo lili chilili pakati pa miyendo yake, kapepala kali m'manja. Maso ali psuu, diresi lanyowa pachifuwa, ndipo fungo linandimenya ndisanamugwire.

Ndinakuwa. Amayi eni nyumba anabwera akuthamanga, chitenje chili m'manja.

"Msanzitse, mwanawe! Mpise chala kukhosi, zituluke zisanafike m'mimba!"

Ndinampisa. Anasanza, natsamwa, nasanzanso. Tinamumwetsa mkaka, nawonso unabwerera. Atasiya kulira ndinayesa zatheka, koma ndinaona nthiti zake zikulowa mkati akamapuma, milomo ikuda. Ndinamuponya kumsana n'kuthamanga wopanda nsapato. Foni inalibe mayunitsi. Botolo ndinalisiya pomwepo. Mpaka lero ndikagona ndimalionabe: pafupifupi lita yathunthu, imene ikanaliza njinga iliyonse.

Msewu waukulu unali wodzadza magalimoto kuyambira pa mlatho mpaka pa pampu, mizere iwiri, onse ozima. Sindinaonepo magalimoto ochuluka chotero, ndipo panalibe ngakhale imodzi yoyenda. Anthu anayala makatoni m'mithunzi ya malole, ena akusewera makhadi. Njinga zamoto zinaunjikana mazanamazana mbali inayo, ndipo amuna anga sindikanawapeza m'khamu limenelo.

Ndinagogoda pa windo la galimoto yoyera.

"Bambo, mwana wamwa petulo. Chipatala, chonde!"

Anandionetsa muvi wa mafuta uli pansi. "Mayi, iyi taikankha anthu anayi kuti ifike pano. Pepani."

Wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu anakweza galasi. Pafupi ndi pampu panali minibasi, dalaivala atatsamira chiwongolero. Kondakitala wake ananena yekha kuti muli kamafuta kokwana kufika kuchipatala.

"Achimwene, ndikugwadirani."

Dalaivala anayang'ana mwana, nayang'ana magalimoto asanu amene anali kutsogolo kwake. "Mlongo, ndagona pano masiku awiri. Ndikachoka, malo apita. Abwana andilanda makiyi, ndipo kwanga kuli ana anayi." Sanandiyang'anenso.

Wina kumbuyo, amene sanaone nkhope ya mwana, anaponya nthabwala: "Wamwa petulo? Ameneyo ndi wolemera, ife tikumusowa!" Anthu angapo anaseka, kenaka anamuona mwanayo, n'kuyang'ana kumbali.

Ndinathamangira kwa mtsikana wa pa pampu. Anali atakhala pa ndowa ya mchenga, mapaipi onse atakoleka.

"Lita imodzi yokha, asisi. Athire bambo awa andiperekeze."

"Mafuta atha, mayi."

"Bodza!" anakuwa mwamuna wina. "Galimoto ya mafuta yatsitsa m'mawa tikuona! Mukudikira mtengo wa mawa, akuba inu!"

Mtsikanayo anandiyandikira. Anandinong'oneza: "Makina azimitsa ku ofesi, makiyi apita nawo abwana. Ine ndingotukwanidwa pano. Ndikanakhala nawo ndikanakupatsani." Ndinamukhulupirira. Nsapato zake zinali zong'ambika ngati zanga zimene ndinasiya kunyumba.

Anthu anayamba kumenya zitsulo za pampu, kutukwana eni kampani amene palibe anawaonapo nkhope. Mkangano unakula, ine n'kuiwalika pakati pawo. Amene anandikoka dzanja anali bambo wachikulire wa njinga yakapalasa, wogulitsa makala. Anagwetsa matumba ake awiri pansi pomwepo.

"Kwerani, mwana wanga. Iyi imamwa miyendo yanga basi."

Pa galimoto ndi ulendo wa mphindi khumi ndi zisanu. Ife tinayenda ola ndi theka, chifukwa pa zitunda ziwiri tinkatsika n'kuthamanga. Njira yonse ndinkamvera kupuma kwa Pipi pamsana panga, kofulumira ngati kwa kamwana ka nkhuku.

Anamwino anamulandira, kumuvula diresi, kumuika kapaipi ka mpweya m'mphuno. Akulemba, anandifunsa osadzutsa mutu:

"Munamusanzitsa?"

"Eya, msangamsanga," ndinayankha, ndikuyesa andiyamikira.

Cholembera chinaima. "Mayi, wa petulo sasanzitsidwa. Pobwerera m'pamene amalowa m'mapapo." Ataona nkhope yanga anawonjezera kuti, "Ambiri sadziwa." Ndinayang'ana chala changa. Chinali chikununkhabe.

Amuna anga anafika dzuwa likulowa, atamva kwa kondakitala uja. Sanandikalipire. Ndikanakonda akanandikalipira. Anakhala pansi m'khonde la chipatala, n'kunena kuti, "Ndine ndinati mulisunge."

"Ndine ndinawerengera," ndinatero.

Sitinakambenso za nkhaniyo mpaka lero.

Pipi anatuluka patapita masiku khumi ndi limodzi. Ali moyo. Pachifuwa pake pamalira akagona, akathamanga pang'ono amakhala pansi, ndipo kukazizira timabwerera kuchipatala. Adokotala amati mwina zidzasintha akamakula, koma ponena amayang'ana pepala. Njinga ikadutsa amayambabe "Pi..." mpweya n'kumuthera pakati.

Masiku amenewo chilichonse tinkachiwerengera m'malita, ndiye ndiwerengera momwemo. Mankhwala amene kuchipatala kunalibe, oti tikagule tokha: malita makumi awiri ndi asanu. Chithunzi cha pachifuwa, kawiri: malita khumi ndi awiri. Malaya a amayi eni nyumba amene ndinasiya simbi ili pamwamba: malita atatu. Makala a bambo aja, amene anapeza atabedwa pobwerera: anakana kulandira kanthu, koma anali malita asanu ndi limodzi. Njinga tinagulitsa theka la mtengo wake, chifukwa ndani akufuna njinga masiku ano? Amuna anga tsopano amakankha magalimoto a anthu pa mzere womwewo.

Botolo lija amuna anga analigulitsa m'mawa wotsatira ngoziyo, pa mtengo watsopano, kuti apeze yokwerera kudzationa. Wogulayo analikweza padzuwa, nayeza ndi zala zake, n'kunena kuti laperewera zala ziwiri. Amuna anga anamuchotserako mtengo wa zala ziwirizo.